Loko wa galimoto akagwidwa ndi chisanu

Amalawi ambiri amene ali ku Britain amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo, makamaka amene anapita pakati pa 2022 ndi 2025, pamene boma la kumeneko linkapereka ziphaso zolowera m'dzikomo kwa anthu a ntchitoyi. Ntchito yake ndi yolawirira. Mu Januwale munthu amatuluka m'nyumba ku Leicester, Manchester kapena Glasgow kudakali mdima, n'kupeza galimoto yagona panja yayera mbee, kiyi akukana kulowa, chitseko chakakamira. Agogo oti akawadzutse ndi kuwapatsa mankhwala akudikira. Mtima ukathamanga, dzanja limakoka mwamphamvu, ndipo apa m'pamene zinthu zimathyoka.

Chisanu cha mu Juni ndi Julaye ku Dedza kapena pa Nyika chimaluma ndithu, koma sichitiphunzitsa zimenezi. Komabe aliyense amene anasungapo ndiwo mufiriji anaziona kale. Mwatsuka nkhuku, mwaiika m'jumbo idakali yonyowa, mwaiponya mufiriji. Patsiku loiphika mukupeza yamatirira pansi, siikusuntha. Nkhukuyo ilibe vuto, firijiyo ilibenso vuto. Chagwira ndi timadzi tochepa timene tinali pakati pa jumbo ndi chitsulo. Mukakoka, jumbo imang'ambika. Mukatenga mpeni kuti mutokose, mutha kuboola paipi ya gasi, firiji yonse n'kufa chifukwa cha nkhuku imodzi. Amayi odziwa amathira timadzi tofunda m'mbali, n'kudikira pang'ono, nkhuku n'kudzichokera yokha.

Galimoto nayonso ndi chimodzimodzi. Chitsulo cha loko sichiuma ndi chisanu. Chimauma ndi madzi amene analowamo: a mvula ya dzulo, a mame, a kotsukitsa galimoto. Madzi amaundana kuzizira kukafika pa madigiri 0, ndipo akamaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti. M'kati mwa loko muli timazitsulo topyapyala tokhala pa timasipuling'i, timene timayenera kusuntha kiyi akamalowa. Kadontho kamodzi kakaumira pamenepo, zonse zimaima. Mukapotoza kiyi mokakamiza, amapindika kapena kuthyokera m'kati, ndiye kuti nkhani yafika kwa wokonza maloko, wolipiritsa mapaundi ambiri kuposa amene mukanapeza tsiku limenelo.

Musanachite chilichonse, yambani mwadziwa pamene pagwira. Kiyi akakana kulowa kapena kutembenuka, ndi loko. Loko akatseguka koma chitseko n'kukanabe, ndi labala wa m'mphepete mwa chitseko amene wamatirira ku chitsulo. Pa labala musakoke handulo, chifukwa yambiri ndi yapulasitiki ndipo pulasitiki ikazizira imathyoka msanga. Kankhirani chitseko m'kati ndi chikhatho kapena ndi thupi kangapo, mumva madzi oundanawo akusweka. Chikakana, yesani zitseko zina. Kawirikawiri mbali imene sinayang'ane kumphepo imatseguka, ndipo mukalowa n'kuyatsa injini ndi hita, zitseko zotsalazo zimamasuka zokha. Musaisiye ikulira inu n'kubwerera m'nyumba kukamwa tiyi. Akuba a kumeneko amadziwa mmawa wotere, ndipo makampani ambiri a inshuwalansi salipira galimoto yobedwa kiyi ali momwemo.

Pa loko, mankhwala ake ndi de-icer, wogulitsidwa m'masitolo akuluakulu ndi momwetsera mafuta. Mphamvu yake ndi mowa wa mtundu wa sipiriti, umene suundana msanga: ethanol amaundana pa madigiri 114 pansi pa 0, kuzizira kumene Britain sanakuonepo, poti kuzizira kwakukulu kumene kunalembedwapo kumeneko ndi madigiri 27.2 pansi pa 0, ku Braemar ndi ku Altnaharra m'dziko la Scotland. Sipiritiyo akasakanikirana ndi madzi oundana, madziwo amasungunuka. Ogwira ntchito yosamalira anthu ali ndi mwayi pamenepa, chifukwa m'thumba mwawo simusowa sanitaiza, amenenso ali ndi sipiriti. Pakani pang'ono pa kiyi, mulowetseni ndi kumutulutsa mofatsa, dikirani theka la mphindi, kenako yesani kupotoza. Koma de-icer wanuyo azikhala m'nyumba kapena m'thumba la jekete. Akakhala m'galimoto yokiyidwayo sakuthandizani.

Ena amauzira mpweya wa m'kamwa pa loko. Mpweya umenewo uli ndi chinyezi, ndiye mukuwonjezera madzi omwe akuvutitsaniwo. Ena amawotcha kiyi ndi laita, osadziwa kuti m'mutu wapulasitiki wa kiyi wamakono muli kachipangizo kamene galimoto imamuzindikirira, ndipo kakapsa injini siilira. Kumufunditsa m'manja kapena m'madzi ofunda n'kumupukuta n'kokwanira. Madzi owira a m'ketulo ndiye ayi ndithu: amaswa galasi lozizira, ndipo otsalawo amatsikira m'kati mwa chitseko n'kukaundananso usiku wotsatira. Ngati mwathira madzi pa labala, akhale ofunda chabe, ndipo mupukute mpaka pauma.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi pothirira mafuta. Munthu wafika pa pampu, geji ili pansi, kachitseko ka thanki kakukana, kumbuyo kuli mzere wa magalimoto. Apa moto wamtundu uliwonse usayandikire. Anthu ena amaganiza kuti kukazizira petulo sagwira moto, koma petulo amatulutsa mpweya woyaka ngakhale pa madigiri 40 pansi pa 0. Musatokosenso ndi sikuludiraiva kapena kiyi, mungakande penti ndi kuthyola kambedza kogwira kachitsekoko. Kadinikizeni m'mphepete ndi chikhatho, kamenyeni mofatsa ndi nkhonya yovala golovesi, fayirani de-icer mumpata wake. Magalimoto ambiri ali ndi kachingwe kotsegulira mwadzidzidzi kobisika m'buti, mbali ya thanki, ndipo buku la galimoto limasonyeza pamene kali. Chotsekera chenichenicho chikakana kupotoka, chikulungeni ndi nsalu yofunda kapena ikanipo botolo la madzi otentha logona nalo, ndipo pukutani madzi onse musanatsegule kuti asagwere m'thanki. Chabwino koposa ndi kuyesa kachitsekoko mudakali pakhomo, komanso kusalola mafuta kutsika kwambiri m'miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale.

Pali chinanso chimene magalimoto a rimoti abweretsa. Batire laling'ono la mu rimoti limafooka kukazizira, ndipo tsiku limene lafa m'pamene munthu amakumbukira kuti m'kati mwa rimoti muli kiyi wachitsulo, ndi kuti bowo lake nthawi zambiri limabisika pansi pa kachivundikiro ka handulo ya dalaivala. Loko ameneyo amakhala atatha zaka osalowamo kiyi, wadzaza fumbi ndi dzimbiri la mchere umene amawaza m'misewu. Muzimuyesa nyengo yozizira isanafike.

Nkhuku yopukutidwa bwino isanalowe mufiriji siimatirira. Galimoto nayonso, mu Okutobala kapena Novembala, pukutani malabala onse a zitseko, a buti ndi a pothirira mafuta, n'kuwapaka silicone. Musapake Vaseline, chifukwa mafuta ochokera ku petulo amafufumitsa ndi kufewetsa labala wotere. M'bowo la kiyi thirani ufa wa graphite kapena mafuta opangidwira maloko. WD-40 amathamangitsa madzi, koma sakhalitsa, ndiye pamafunika kubwereza. Ndipo a zanyengo a Met Office akalengeza kuti usiku kuzizira kutsika pansi pa 0, galimoto isatsukidwe madzulo amenewo, idikire tsiku lofunda.