Anasankha ufumu, Kathi n'kutsala: filimu ya 1927 yomwe imawawabe

Ambirife timaonera mavidiyo pafoni titazimitsa mawu, n'kumangowerenga tizilembo ta pansi. Ndiye musandiuze kuti mafilimu akale opanda mawu angakuvuteni. Yomwe ndikufuna muisake ndi The Student Prince in Old Heidelberg, yomwe Ernst Lubitsch anakonza ku kampani ya MGM mu 1927.

Ramon Novarro akusewera ngati Karl Heinrich, mnyamata woyembekezera kulowa ufumu wa Karlsburg, dziko longopeka. Wakulira kumpanda, mnzake weniweni ndi mphunzitsi wake yekha, Dr. Jüttner. Atapita kukaphunzira ku Heidelberg, ku Germany, akupeza anzake, mowa, komanso Kathi, mtsikana woperekera zakumwa panyumba ya alendo. Kathi ndi Norma Shearer.

Kenako uthenga ukubwera: mfumu yadwala, bwerera. Mkazi anamusankhira kale, mwana wa mfumu ina.

Chomwe chimandipweteka ine si kusiyana kwa awiriwa ayi. Ndi pomwe Karl, atavala kale ufumu, akubwerera ku Heidelberg kukaona anzake aja. Anyamata omwe ankamwa naye dzana aima njo ngati asilikali, ulemu wokhawokha, palibenso womugwira paphewa. Dr. Jüttner anamwalira. Kathi alipo, amamukondabe, koma onse awiri akudziwa kuti zatha basi. Palibe munthu woipa woti timukwiyire. Ndipo poti mawu sakumveka, maso ako amangokakamira pankhope zawo, kothawira kulibe.

Lubitsch anali wanthabwala zoluma. Karl ali mwana, anthu omuonera patali amasilira kuti ukalonga ndiye kukoma. Kumapeto, ali m'ngolo ya ukwati wake, akumusiliranso chimodzimodzi, iye nkhope ili gwa. Ngati munayamba mwasilirapo moyo wa munthu pa Instagram, chithunzichi muchizindikira msanga.

Zoseketsa n'zakuti mafumu enieni anadzachita zomwe Karl analephera. Edward VIII wa ku Britain anatula pansi ufumu mu 1936 kuti akwatire Wallis Simpson. Seretse Khama anakwatira Ruth Williams mu 1948, boma la Britain n'kumuletsa kukhala kwawo kwa zaka, koma mu 1966 anakhala mtsogoleri woyamba wa Botswana, Ruth ali pambali pake.

Filimuyi inatuluka mu Seputembala 1927. Patangotha milungu yochepa kunabwera The Jazz Singer, ya mawu, ndipo pasanathe zaka zitatu Hollywood inali itasiya mafilimu a zii. Ku America umwini wa filimuyi unatha mu 2023, choncho kuipeza pa intaneti sikovuta. Ingokonzani bando yokwanira, imadutsa ola limodzi ndi theka.