Mpweya m'Chipinda Chopoperamo Penti

Nkhani yathu ya lero ikukhudza amisiri opopera penti pa galimoto ndi pa mipando, ndiponso eni magalaja amene amaŵalemba ntchito.

Mmisiri akamapopera, si penti yense amene amafika pa galimoto. Wina amasanduka nkhungu yotsala m'malere, ndipo thina wosungunulira pentiyo amasanduka mpweya woipa. Mpweya umenewu ndi wolemera kuposa umene timapuma, choncho umadikha pansi. Ukachuluka, kambaliŵali ka moto nkokwanira kuphulitsa chipinda chonse.

Choopsa china chili m'penti wosakaniza ndi mankhwala oumitsa, amene amisiri amati 2K. M'mankhwalamo muli isocyanate, amene amayambitsa mphumu. Nkhungu yake yosalala siioneka ndi maso, ndipo munthu thupi lake likayamba kudana nayo, ngakhale yochepa zedi imambanikitsa. Ena amasiyiratu ntchito imene anaiphunzira zaka zambiri.

Nanga chipinda chabwino chimamangidwa motani? Mpweya wabwino uziloŵa mbali imodzi kudzera m'masefa, nudutsa pa chinthu chopoperedwacho, kenaka fani aziukokera kunja kudzera m'masefa ena ndi m'chumuni chotulukira pamwamba pa denga. Zipinda zina zimalandira mpweya kudenga ndi kuutulutsira pansi. Malamulo a ku America amati pa chipinda chotseguka kumaso mpweya uziyenda pafupifupi theka la mita pa sekondi. Mmisiri asaime pakati pa galimoto ndi fani, chifukwa nkhungu yonse idzadutsa pankhope pake. Fani wotulutsa azikoka mpweya wochulukirapo pang'ono kuposa woloŵa, kuti nkhungu isathaŵire kwa anzake ogwira ntchito panja.

Nyale zikhale zotsekeredwa m'galasi, ndipo mota ya fani ikhale kunja kwa njira ya mpweya woipawo. Zitsulo zonse zilumikizidwe ndi waya wopita m'nthaka. Kusuta fodya, kuwotcherera zitsulo ndi kusonkha mbaula zisachitike pafupi. Nsanza zonyowa ndi thina ziponyedwe m'chitini chachitsulo chovundikira, ndipo masefa akadzaza asinthidwe.

Kansalu komanga pamphuno sikateteza. Popopera 2K pamafunika chophimba nkhope cholandira mpweya woyera kudzera m'paipi. Mukatha kupopera, musachivule msanga kuti muone ntchito yanu, pakuti nkhungu idakalipo. Fani apitirize kuzungulira mpaka chipinda chiyere. Kuti mudziŵe mphindi zofunika, dzazani chipindacho ndi utsi woyesera, muŵerenge nthaŵi imene utsiwo utenge kuti uthe, ndipo muilembe pachitseko.

Kwa inu eni magalaja, lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito m'Malaŵi muno limaika udindo umenewu m'manja mwanu. Ndipo inu amisiri, mukayamba kutsokomola usiku kapena kubanika, koma nkumapezako bwino masiku opuma, pitani kuchipatala msanga ndipo mukauze dokotala ntchito imene mumagwira.

Tsalani bwino, tidzakumanenso sabata ya maŵa nthaŵi ngati yomweyi.