Mwana akasokonezeka maganizo ku Mangochi, muyambire pati?

Kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nankumba, anthu akamva za matenda a m'maganizo amangoganiza za ku Zomba. N'zosadabwitsa. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa, Zomba Mental Hospital, chakhalapo kuyambira 1953, ndipo dzina lake lokha limaopsa. Ndiye banja limazengereza, mpaka tsiku limene mnyamata wayamba kuswa ziwiya, n'kumumanga ndi chingwe. Komatu khomo loyamba si ku Zomba ayi, ndi chipatala chaching'ono cha kwanu komweko.

Matendawa sabwera ndi phokoso nthawi zonse. Mtsikana wachira kumene, koma amangolira, mwana sakumuyamwitsa. Mnyamata wabwezedwa kuchokera ku Joni chimanjamanja, sakugona, sakulankhula ndi munthu. Wina amachezera panyanja kupha usipa, anazolowera chamba ndi kachasu, lero akumva mawu amene anzake sakuwamva. Onsewa ndi odwala, ndipo chithandizo chawo chilipo.

Popita kukaonana ndi adokotala, tengani kabuku ka kuchipatala, ndipo pakhale wachibale amene waona mmene zinayambira, chifukwa mafunso ambiri amayankha ndi iyeyo. Ngati mumamasuka m'Chiyao, fotokozani m'Chiyao momwemo, womasulira apezeke. Nkhani ya mumtima sifotokozeka bwino m'chilankhulo chobwereka. Musadabwe adokotala akayamba ndi kuyeza malungo. Malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi amasokonezanso mutu, ndipo amapha msanga.

Zikawakulira, adokotalawo amalemba kalata yokutumizani kuchipatala cha Mangochi paboma, kumene kuli anamwino ndi madokotala amene anaphunzira za matenda a m'maganizo. Odwala khunyu amaonedwanso komweko. Ambiri amalandira uphungu ndi mankhwala n'kubwerera kwawo. Amene amatumizidwa ku Zomba, kudzera ku Liwonde, ndi okhawo amene matenda awakulira kwambiri, ndipo wokonza ulendowo ndi chipatala. M'zipatala za boma chithandizo ndi chaulere. M'zipatala za mishoni, monga St Martin's ku Malindi, mumalipira.

Nanga kwa ashehe, kwa abusa kapena kwa asing'anga? Mabanja ambiri amayambira kumeneko, poti akuti ndi majini kapena kulodzedwa. Ine sindingauze kholo kuti lisiye kupempherera mwana wake. Chimene ndimakana ndi kumusunga kumeneko miyezi ali womangidwa, kumumenya, kapena kumuletsa mankhwala. Dua ndi mapiritsi sizilimbana. Apa amalume, eni mbumba, ali ndi mawu olemera: akanena kuti mwana apite kuchipatala, palibe amatsutsa.

Pamene zinthu zimaonongekera kwenikweni ndi wodwala akabwerera kumudzi. Wayamba kudya, akuseka ndi anthu, abale akuti wachira, mankhwala basi. Pakangopita miyezi ingapo matenda abwereranso, mwina mwamphamvu kuposa kale. Mankhwala ambiri a matendawa amamwedwa nthawi yaitali, ena ndi jakisoni wa pamwezi, ndipo woimitsa ndi dokotala yekha. Mankhwalawo akamamuumitsa thupi, kumunjenjemeretsa kapena kumugonetsa kwambiri, bwererani mukanene, amasintha mlingo. Zoona, ulendo wochokera ku Makanjira mwezi ndi mwezi umadya ndalama, makamaka nthawi ya dzinja msewu ukavuta. Choncho funsani musanatuluke ngati mungamalandirire mankhwalawo pachipatala chapafupi, ndipo mudziwitse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti aziyendera wodwalayo. Mukanyozedwa kapena kubwezedwa osathandizidwa, pachipatala cha paboma pali ofesi ya ombudsman yolandira madandaulo.

Ana ena chimawasokoneza ndi nkhanza: kugwiriridwa, kumenyedwa, kukwatitsidwa ali aang'ono. Malamulo aakulu a dziko, monga anasinthidwira mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Nkhani zotere zimapita ku Victim Support Unit ya kupolisi kapena kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, ndipo mwana angathe kuimba yekha nambala yaulere ya 116.

Wachinyamata akanena zoti afuna kudzipha, musati akungoopseza. Musamusiye yekha, bisani zingwe ndi mankhwala a mbewu, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.