Mitsutso ya Lolemba Madzulo: Akhristu ndi Okayika ku Oxford

Kumapeto kwa chaka cha 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, mtsikana wina wophunzira pa koleji ya Somerville ku Oxford anadandaulira Stella Aldwinckle, mayi amene ankatumikira ophunzira aakazi pa zauzimu. Dandaulo lake linali lakuti alaliki amayambira nkhani pakati. Amalankhula ngati aliyense anavomera kale kuti Mulungu alipo ndiponso kuti Yesu ndi Mwana wake, chikhalirecho iye ndi anzake mafunso awo anali pomwepo. Aldwinckle sanamudzudzule. Anaitanitsa msonkhano, ndipo mumsonkhanomo munabadwa bungwe lotchedwa Socratic Club, lomwe linayamba kukumana mu Januwale 1942 n'kukhalapo mpaka 1972.

Mbiri ya bungweli ndi yofunika kwa aliyense amene amakambirana za chikhulupiriro ndi munthu wokayika. Mkhristu amene walowa mu mtsutso asanakonzeke kumva kuti mfundo yake ina ndi yofooka, ameneyo sanabwere kudzakambirana. Wabwera kudzalalikira munthu amene sanapemphe ulaliki.

Mmene ankachitira

Ankakumana Lolemba madzulo nthawi ya sukulu. Munthu mmodzi ankawerenga nkhani imene wakonza, wina wa mbali inayo n'kuyankha, kenako aliyense m'chipindamo ankafunsa. Akayamba wokhulupirira ankayankha wosakhulupirira, sabata ina n'kusinthana. Cholinga chinali chakuti ophunzira amve mfundo zotsutsa Chikhristu kuchokera m'kamwa mwa eniake, osati kuchokera kwa mlaliki amene wazipeputsa kale kuti zisavute kuyankha.

Pulezidenti woyamba anali C. S. Lewis, mphunzitsi wa mabuku a Chingerezi, yemwe anakhala zaka zambiri osakhulupirira Mulungu asanabwerere ku Chikhristu mu 1931. Anatsogolera bungweli mpaka 1954 pamene anasamukira ku Cambridge. Ankadziwika kuti pa mtsutso ndi katswiri, moti ambiri ankapita kukangomuonera akuyankha.

Tsiku limene Lewis anakonzedwa

Mu 1947 Lewis anatulutsa buku lonena za zozizwitsa lotchedwa Miracles. M'mutu wachitatu analimbana ndi anthu amene amati kunja kuno kulibe china chilichonse kupatula zinthu za chilengedwe. Mfundo yake inali yotere. Ngati zimenezo n'zoona, ndiye kuti ganizo lililonse la munthu ndi chotsatira chabe cha zochitika mu ubongo, zomwenso zinayambitsidwa ndi zochitika zina zopanda nzeru. Tikadziwa kuti munthu akulankhula chifukwa cha mowa kapena malungo aakulu, zonena zake sitiziwerengera. Tsono ngati maganizo onse amachokera ku zinthu zopanda nzeru, tiwakhulupirire bwanji? Ndipo ganizo lakuti kulibe Mulungu nalonso ligwera m'dzenje lomwelo.

Pa 2 Febuluwale 1948, mayi wina wa zaka 28, Elizabeth Anscombe, anaimirira pamsonkhano wa bungweli n'kuonetsa pamene mfundoyo inkadontha. Anscombe anali wophunzira wa katswiri wa filosofi Ludwig Wittgenstein. Anati Lewis waphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Mowa ndi malungo zimasokoneza nzeru. Koma kuyenda kwa magazi ndi kugwira ntchito kwa minyewa sikusokoneza nzeru, kungoti pakokha si nzeru. Anatinso pali mafunso awiri amene sayenera kusakanizidwa: chinachititsa munthu kuganiza chakutichakuti n'chiyani, ndipo zimene waganizazo zili ndi maziko otani. Mwana anganene kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56 chifukwa aphunzitsi anamukakamiza kuloweza pamtima. Chimenecho ndicho chamuchititsa kunena. Koma kuti yankholo n'loona kapena ayi, timadziwa powerengera, osati pofufuza mbiri ya mwanayo.

Chimene ambiri amaiwala pofotokoza nkhaniyi n'chakuti Anscombe anali Mkatolika wolimba. Sankatsutsa Mulungu. Ankakana kuti Mulungu atetezedwe ndi mfundo yosamangika bwino. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo Lewis anamva. Bukulo litatulukanso mu 1960, mutu wachitatu unali utalembedwa mwatsopano, ngakhale dzina la mutuwo linasintha: poyamba unkati wokana zauzimu amadzitsutsa yekha, tsopano unangoti ali ndi vuto lalikulu loti ayankhe. Olemba mbiri ya Lewis ena amati tsikulo linamusweratu mtima. Anscombe mwini, polemba patapita zaka zoposa 30, anakumbukira kukambirana kodekha, ndipo anayamikira Lewis kuti kulembanso mutuwo kunaonetsa kuona mtima.

Mfundoyo sinafe chifukwa chokonzedwa. Mu 1993 Alvin Plantinga wa ku America anaiumbanso mwanjira ina, ndipo akatswiri akukanganabe nayo mpaka lero. Ikanasiyidwa mmene inalili mu 1947, sindikhulupirira kuti ikanafika kutali chonchi.

Funso la Antony Flew

Mu 1950 mnyamata wina wa zaka 27, mwana wa mbusa wa mpingo wa Methodist, anabweretsa nkhani yaifupi kwambiri imene inadzasindikizidwa kambirimbiri pambuyo pake. Dzina lake Antony Flew. Anagwiritsa ntchito fanizo limene anatenga kwa John Wisdom. Anthu awiri apeza malo ena m'nkhalango pomwe pamera maluwa ndi udzu. Wina akuti pali wosamalira munda, wina akukana. Adikira, osaona munthu. Amanga mpanda wamagetsi, abweretsa agalu, komabe zii. Wokhulupirira uja akuti wosamalirayo saoneka, sakhudzika, alibe fungo. Mnzake akufunsa kuti nanga wosamalira woteroyo akusiyana pati ndi wosamalira amene kulibe.

Kenako Flew analunjika pamtima pa nkhani. Akhristu amati Mulungu amatikonda monga atate. Mwana akudwala khansa ya pakhosi yosachizika, bambo ake omubereka akuthamanga uku ndi uku, koma kumwamba kuli chete. Wokhulupirira akuti chikondi cha Mulungu n'chosiyana ndi cha anthu. Flew anafunsa kuti kodi pachitike chiyani kuti munthuyo avomere kuti zachitikazo zikutsutsa chikhulupiriro chake. Ngati palibe chilichonse, ndiye kuti mawu akuti Mulungu amatikonda sakunena kanthu za dziko limene tikukhalamo.

Funso limeneli si la ku Oxford kokha. Aliyense amene anaona matope a ku Soche atakwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atapha anthu mazanamazana, akudziwa kuti limafunsidwa ndi anthu amene sanawerengepo buku la filosofi. Kuliyankha ndi mawu okonzeratu n'kunyoza wofunsayo.

Yankho limene silithawa

Pa mayankho amene Flew analandira, la Basil Mitchell ndilo ndimaliona kuti linayankhadi. Mitchell, amene anadzatsogolera bungweli Lewis atachoka, naye anapereka fanizo. M'dziko lolandidwa ndi adani, msilikali wa gulu lomenyera ufulu mobisa akumana ndi mlendo. Acheza usiku wonse, ndipo mlendoyo akumuuza kuti iye ndiye mtsogoleri wa gululo, amukhulupirire zivute zitani. Pambuyo pake nthawi zina mlendoyo akuoneka akuthandiza omenyera ufulu. Nthawi zina akuoneka atavala yunifolomu ya apolisi, akupereka anzawo m'manja mwa adani. Anzake a msilikali uja akudandaula, iye akulimbikirabe kuti munthuyo ali mbali yawo.

Chofunika m'fanizoli n'chakuti msilikaliyo sakana kuti zimene akuonazo zikutsutsa chikhulupiriro chake. Zikumupweteka, ndipo akuvomera kuti n'zolemera. Akupitiriza kukhulupirira chifukwa ali ndi maziko ena, omwe ndi munthu amene anakumana naye. Mitchell sananene kuti pali malire odziwikiratu pomwe kukhulupirira koteroko kumasanduka kupusa, koma anavomera kuti kutha kusanduka. Choncho Mkhristu woona mtima sanena kuti imfa ya mwana ilibe kanthu pa nkhani ya Mulungu. Amati ili ndi kanthu kwambiri, kenako n'kufotokoza chimene chikumugwirabe. Buku la Yobu ndi Masalimo ambiri a madandaulo amalankhula motero. Anzake a Yobu, amene anali ndi yankho pa chilichonse, ndiwo anadzudzulidwa pamapeto pake.

Zimene mbiri yakale ingathe ndi zimene singathe

Chikhristu chimanenanso za zinthu zimene zinachitika pamalo ndi pa nthawi yodziwika, ndipo pamenepa umboni wofunika ndi wa mtundu wina. Wolemba mbiri wachiroma Tacitus, cha m'ma 116, analemba kuti Khristu anaphedwa ndi Pontiyo Pilato mu ulamuliro wa Tiberiyo, ndipo Tacitus sankawakonda Akhristu. Josephus, Myuda, cha m'ma 93 anatchula Yakobo mbale wa Yesu. Mu 1961 ofukula zakale anapeza mwala ku Kaisareya wolembedwa dzina la Pilato. Kalata yoyamba ya Paulo kwa Akorinto, yolembedwa cha m'ma 50, patangopita zaka 25 kapena kucheperapo Yesu ataphedwa, imatchula anthu amene ankati anamuona ataukanso. Bart Ehrman, katswiri wa Chipangano Chatsopano amene anasiya Chikhristu, analemba buku lonse mu 2012 lotsutsa anthu amene amati Yesu sanakhaleko.

Zonsezi zimatsimikiza kuti Yesu anakhalako, anapachikidwa, ndipo omutsatira anakhulupirira msanga kuti wauka. Sizitsimikiza pazokha kuti anaukadi. Pamenepo wokayika amabwera ndi mfundo ya David Hume ya mu 1748, yakuti n'chapafupi kuti mboni zalakwitsa kusiyana n'kuti lamulo la chilengedwe laswedwa. Mkhristu amayankha kuti kulemera kwa mfundoyo kumadalira zimene munthu wavomera kale za Mulungu. Onse awiri akudziwa kuti mtsutso wachoka pa zolemba zakale n'kubwerera ku funso loyamba lija lakuti kodi Mulungu alipo.

Pali zinanso zimene wokhulupirira ayenera kuzitchula yekha asanauzidwe. Mavesi omaliza a Marko, kuyambira 16:9 mpaka 20, ndi nkhani ya mkazi wogwidwa m'chigololo pa Yohane 7:53 mpaka 8:11, mulibe m'mabuku akale kwambiri olembedwa pamanja monga Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus a m'zaka za m'ma 300. Wachinyamata amene amva zimenezi koyamba kwa wotsutsa pa intaneti amayamba kufunsa kuti n'chiyaninso china chimene anamubisira ku tchalitchi.

Umboni wabodza

Nkhani yakuti Charles Darwin analapa ali pafupi kufa n'kukana zimene anaphunzitsa imamvekabe pa maguwa ena. Darwin anamwalira mu 1882, nkhaniyo inatuluka mu 1915 kuchokera kwa mayi wina wotchedwa Lady Hope, ndipo ana a Darwin anaikana poyera.

Za Flew nazo zimakokomezedwa. N'zoona kuti mu 2004, atakhala zaka zoposa 50 akutsutsa, analengeza kuti tsopano akuvomera kuti kuli Mulungu amene anayambitsa chilengedwe. Koma sanakhale Mkhristu, ndipo sanavomere za moyo wa pambuyo pa imfa. Anamwalira mu 2010. Wofotokoza nkhani yake ngati ya munthu wotembenuka mtima akuchitira umboni wonama m'dzina la choonadi.

Kwathu kuno funso n'lomwelo

Ku Malawi anthu okana Mulungu poyera ndi ochepa, koma funso lawo lakuti mwadziwa bwanji lapulumutsapo anthu. A George Thindwa, kudzera m'bungwe la Association for Secular Humanism, anadziwika cha m'ma 2011 pomenyera nkhondo nkhalamba zimene zinatsekeredwa m'ndende poganiziridwa ufiti, chikhalirecho lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi poziganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Umboni wake unali mphekesera ndi mantha.

Ine sindigwirizana ndi a Thindwa pa nkhani ya Mulungu. Koma pa nkhani ya agogo amene akuwaloza chala, iwo anafunsa funso limene mipingo inayenera kuyamba kufunsa mokweza. Chimodzimodzi mneneri akaonetsa pa kanema kuti wachiritsa munthu, kufunsa kuti wodwalayo anapimidwa ku chipatala chiti asanapemphereredwe ndi atapemphereredwa si kuchepa chikhulupiriro. Deuteronomo 19 salola kuti munthu aweruzidwe pa mawu a mboni imodzi. Amalamula oweruza kufufuza mosamala, ndipo mboni ikapezeka kuti yanama, ilandire chilango chimene inkafunira mnzakeyo.