KODI PULASITIKI YOTHA NCHITO IMAKATHERA KUTI?

Kwa zaka zoposa 20, maiko a Britain, Germany, Japan ndi America anali kusonkhanitsa mabotolo ndi matumba apulasitiki otha nchito, kuwamanga m'mitolo ikuluikulu ndi kuwagulitsa ku China. Zombo zobweretsa katundu wa ku China zinali kubwerera zopanda kanthu, motero mtengo wonyamulira mitoloyo unali wocepa. M'caka ca 2016 cokha, China inalandira matani oposa 7 miliyoni.

Mitolo ikafika, nchito yoyamba ndi ya manja. M'boma la Wen'an, kum'mwera kwa Beijing, mabanja ambirimbiri anali kuswera pa miulu ya zinyalala, akusankha monga momwe amai amasankhira nyemba. Pulasitiki ili ndi mitundu yambiri, ndipo mitunduyo sigwirizana ikasungunulidwa pamodzi. Wosankha akakayika anali kuyatsa kacidutswa ndi kununkhiza utsi wake kuti adziwe mtundu. Luso ndithu, koma olipira ndi mapapo.

Zosankhidwazo amaziponya m'cigayo cimene cimazidula tizidutswa tonga cikhadabo, nkutitsuka ndi madzi otentha a soda kuti guluu ndi mapepala zicoke. Madzi amathandizanso kulekanitsa, pakuti tizidutswa ta botolo la zakumwa timamira pamene ta cotsekera cake timayandama. Tikauma amatisungunula m'makina, ndipo phala lake limaturuka pa timabowo ngati zingwe, zimene amaziziziritsa m'madzi ndi kuzidula timibulu tonga mpunga. Timibulu timeneti ndito malonda ake. Mabotolo ambiri amasanduka ulusi wa poliyesitala wopangira zobvala ndi mabulangete. Mitundu ina imakhala mabeseni, ndowa ndi mapaipi.

Bvuto lagona apa, owerenga athu: mu mtolo wosakaniza mumakhala zambiri zosagulika, monga mapaketi omatidwa ndi kacitsulo kopyapyala ndi matumba odzaza zonyansa. Wogulitsa analandira kale ndalama zake. Zotsalazo zimakhala m'mudzi wa wosankha, pamodzi ndi madzi akuda otsukira aja.

Mu January 2018 China inatseka khomo, ndipo mitolo inakhotera ku Malaysia, Thailand, Vietnam, Indonesia ndi Turkey. M'tauni ya Jenjarom ku Malaysia munabuka mafakitale ambiri opanda cilolezo amene anali kutentha zotsala usiku, anthu nkumadzuka akutsokomola. M'mudzi wa Tropodo ku Indonesia, ophika cakudya ca soya cochedwa tofu anali kusonkhezera moto ndi pulasitiki cifukwa inali yochipa kuposa nkhuni. Mu 2019 akatswiri atapima mazira a nkhuku zoyendayenda m'mudzimo anapezamo poizoni wochedwa dioxin, wocuruka kuposa muyezo wololedwa. Aliyense woweta nkhuku adziwa kuti mwana ndiye amayamba kupatsidwa dzira.

Boma la Malaysia linatseka mafakitale ambiri otere, ndipo mu January 2020 linalengeza kuti labweza makontena 150 ku maiko 13, ambiri mwa iwo ku France ndi Britain. Pangano la maiko la Basel linasinthidwanso mu 2019: kuyambira January 2021, wotumiza pulasitiki yosakaniza kapena yakuda ayenera kuyamba wapeza cilolezo ca dziko lolandira. America, mmodzi wa otumiza akuluakulu, sanalowe m'panganolo.