Nthano musaichotse nyimbo yake

Aphunzitsi a kupulayimale akamva kuti ntchito yanga ndi kuphunzitsa nyimbo, ambiri amayamba ndi dandaulo: "Kwathu kuno kulibe kiyibodi, ndipo manotsi a nyimbo sitidziwa kuwerenga." Mawu amenewa ndawamvanso m'dera la Mfumu Njombwa ku Kasungu, ndipo yankho langa silisintha. Kuti mwana amvetse mmene nyimbo imayendetsera nkhani, sipafunika chida cha kusitolo. Pamafunika nthano imodzi ndi munthu wosachita manyazi kuyimba.

Titenge nthano ya Kamdothi. Mayi wosowa mwana aumba mwana wadothi, n'kumuchenjeza kuti mvula isadzamunyowetse. Mitambo ikada, mayiyo amayimba kuitana mwana wake kuti athawire kunyumba. Mawu a nyimboyo sasintha, chimasintha ndi kayimbidwe. Koyamba wosimba amayimba modekha, poti mwana akusewera pafupi. Kachiwiri amafulumirako, mwana watalikira. Komaliza nyimbo imathamanga, mawu akunjenjemera, ndipo ana omvera amadziwiratu kuti zavuta wosimba asanatchule n'komwe kuti dothi layamba kusungunuka. Zimene akatswiri timaphunzitsa m'makoleji zokhudza liwiro la nyimbo, kukweza ndi kutsitsa mawu, n'zomwezi basi. Agogo athu ankazichita pabwalo madzulo, opanda satifiketi.

Nyimbo ya m'nthano imakhalanso ndi mbali ya ovomera. Wosimba akayambitsa, ana amapolokoza, monga momwe amayankhira kuti "tili tonse". Mwana amene akudikira nthawi yake yovomera sawodzera, ndipo mawa mukamufunsa, nkhani yonse amaikumbukira kudzera m'nyimboyo.

Chimene ine chimandikoka mtima kwambiri ndi ichi: m'nthano zathu, zovuta kunena zimayimbidwa. Mbalame ikafuna kuulula amene wapha m'bale wake kutchire, siilankhula, imayimba. Amayi nawo pamtondo ankadandaula za mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta m'nyimbo, mudzi wonse n'kumva popanda woimbidwa mlandu. Hugh Tracey atayendera Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 anajambula nyimbo zoterezi pamodzi ndi nthano zoyimbira, ndipo zikusungidwa ku International Library of African Music, yomwe anaikhazikitsa mu 1954, pano ili ku Rhodes University ku South Africa.

Mwana wa kwa Njombwa sayamba phunziro la nyimbo ali wosadziwa kanthu. Waonerapo gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndipo wamva ng'oma ya mbalule ikuyenda limodzi ndi mapazi a Chadzunda, nkhalamba yotsimphina imene imadzidzimuka mphamvu ng'oma zikatentha. Sindikunena kuti gule alowe m'kalasi, ayi, zakudambwe zili ndi eni ake. Ndikungoti khutu la mwanayo ndi lophunzira kale.

Chondiwawa n'chakuti m'sukulu zambiri phunziro la Expressive Arts lasanduka lokopera zolemba pabolodi pokonzekera mayeso. Ndinaonapo mphunzitsi akuwerenga nthano m'buku, atafika pa nyimbo anangoiwerenga ngati chiganizo wamba n'kupitirira. Ana anangoti duu.

Yesani chonchi. Simbani nthano kawiri, koyamba mutachotsa nyimbo, kachiwiri muli nayo, kenako funsani ana kuti mantha kapena chisoni anazimva pati. Agaweni m'magulu, ena aziomba m'manja, ena azimenya chigubu, asankhe okha mamvekedwe a fisi akamanyang'ama ndi a kalulu akamathawa. Adzakangana, ndipo mkanganowo ndiye phunziro lenilenilo.

Inunso makolo muli ndi mbali yanu. Nyengo ya fodya mumachezera m'chigafa mukusoka masamba, ana ali pambali. Tsitsaniko wailesi, muwasimbire nthano imodzi imene munamva kwa agogo anu, ndipo mukafika pa nyimbo, yimbani ndithu, anawo avomere.