Foni yatsopano ikavuta, musathamangire kwa amisiri a kumsika

"Katundu akatuluka sabwezedwa, aise." Amene anagulapo foni mu tauni ya Zomba n'kubwerera nayo patapita masiku atatu ikukana kutchaja, mawuwa amawadziwa bwino. Mashopu ena mpaka amawalemba pansi pa lisiti kapena kuwapachika pakhoma, ngati kuti ndi lamulo.

Lamulo lenileni likunena zosiyana. Competition and Fair Trading Act, yomwe inakonzedwanso mu 2024, imaletsa wamalonda kudzichotsera udindo pa katundu wolakwika amene wagulitsa, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) lakhala likuchenjeza eni mashopu za zikwangwani zoterezi. Palinso Consumer Protection Act ya 2003 yoteteza ogula. Tanthauzo lake n'losavuta: foni ikabwera ndi vuto lochokera ku fakitale, munthu woyamba kuyankha ndi amene analandira ndalama zanu. Asakuuzeni kuti mukadandaule ku China.

Ndipo musachite manyazi ngati kuti mwaononga ndinu. Makampani akuluakulu nawo amalakwitsa. Mu 2016 Samsung inaitanitsa mafoni a Galaxy Note 7 pafupifupi 2.5 miliyoni chifukwa mabatire ake amapsa, kenako inasiyiratu kuwapanga.

Vuto n'lakuti ambiri timautaya tokha ufulu umenewu, tsiku loyamba lomwe. Tiyerekeze ndi wophunzira wa ku University of Malawi amene amagona ku Chikanda. Wasunga ndalama kwa miyezi, wagula foni, ndipo sikirini yayamba kuthwanimathwanima pamene zolemba zonse za m'kalasi zikudutsa pa WhatsApp. Kupita ku Blantyre, ulendo wa makilomita oposa 60, kukufuna thiransipoti yopita ndi yobwerera, mwinanso kudikira masiku angapo opanda foni. Mmisiri wa kumsika ali pafupi, akuti "tiitsegule tione, ndi kanthu kakang'ono aka." Akangomasula zomangira, basi, waranti yatha. Amisiriwa ambiri ndi aluso ndithu, ndipo foni yakale amaiukitsa mpaka kudabwa. Koma foni yomwe idakali pa waranti si yawo. Akampani akaona kuti inatsegulidwa kwina, amakana kuikonza mwaulere, ndipo wa shopu uja wapeza pothawira.

China chomwe chimapha waranti kuno ndi madzi. Mkati mwa mafoni ambiri muli kapepala kakang'ono koyera komwe kamafiira kakanyowa, ndipo okonza amayamba kuyang'ana pamenepo. Zomba ndi malo amvula. Mukakwera kuphiri Loweruka kukajambula zithunzi ku Mulunguzi Dam kapena ku Williams Falls, nkhungu ndi mvula yowaza zija zikhoza kulowa mu foni imene ilibe chitetezo cha madzi. Kapepalako kakafiira, ngakhale vuto lenileni litakhala la batire, mkangano wake ndi wovuta kupambana. Kathumba ka pulasitiki komwe amakuikirani masitiroberi ku Ku Chawe kakhoza kukupulumutsirani foni.

Ntchito yaikulu imachitika musanatuluke mushopu. Imbani *#06# ndipo foni ionetsa nambala yake ya IMEI. Ifanane ndi yomwe ili pa katoni, ndipo wogulitsa ailembe pa lisiti pamodzi ndi tsiku ndi kutalika kwa waranti. Lisiti la makina limafufutika pakapita miyezi yochepa, choncho lijambuleni pomwepo n'kudzitumizira pa imelo, osati kungolisunga mu foni yomweyo imene mawa ikhoza kuzima. Ngati mwalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, uthenga wake ndi umboni wina. Katoniyo musapatse ana kuti apangire galimoto.

Funsaninso molimba mtima kuti, "Bwana, ikavuta ndipite nayo kuti?" Mafoni a Tecno, itel ndi Infinix onse ndi a kampani imodzi ya Transsion ya ku Shenzhen, ndipo nthambi yake yokonza imatchedwa Carlcare. Wogulitsa weniweni akuuzani komwe amatumiza mafoni ovuta. Akayamba kuzungulirazungulira, mwina foniyo inabwera m'chikwama kuchokera ku Dubai kapena ku Johannesburg, ndipo waranti yake, ngati ilipo n'komwe, imagwira ntchito komweko. Enanso amagulitsa foni yokonzedwa ngati yatsopano. Kutchipa kwake n'kumeneko.

Vuto likaoneka, bwererani sabata yomweyo. Jambulani kanema wa vutolo ndi foni ya mnzanu, chifukwa mafoni ali ndi khalidwe lochira akangofika pamaso pa wogulitsa. Sungani zithunzi ndi manambala anu kwina, chotsani SIM ndi memori khadi. Poisiya, akupatseni pepala losainidwa lonena IMEI, vuto lake, kuti ilibe ming'alu, ndi tsiku loti mudzaitenge. Popanda pepalali, foni ikasowa kapena ikabwera ndi sikirini ina, mulibe pogwira.

Akakana kukonza, kusintha kapena kubweza ndalama, lembani dandaulo ku CFTC, kapena pemphani thandizo ku Consumers Association of Malawi (CAMA). Phatikizanipo chithunzi cha lisiti, kanema uja, ndi masiku onse amene munapita kushopuko.